Chinyumba cha Sears ku Memphis: zimene kirediti ya msonkho inachita ndi zimene sinachite

Ntchito yanga ndi yokonza mapepala a anthu amene akufuna kukonzanso nyumba zakale ku America kuti boma liwachepetsere msonkho. Pafupifupi aliyense amene amalowa mu ofesi mwanga amabwera atamva kale kuti "boma limalipira gawo limodzi mwa magawo asanu," ndipo ambiri amakhala atawerengera kale ndalamayo ngati ili m'thumba. Ndikafuna kuwakhazika mtima pansi ndimawafotokozera za chinyumba cha Sears cha mumzinda wa Memphis, m'chigawo cha Tennessee, chimene lero chimatchedwa Crosstown Concourse. Sindinagwire nawo ntchito imeneyo, koma ndi nkhani imene ife a ntchitoyi timaiwerenga mobwerezabwereza, chifukwa muli zonse: lamulo, ngongole, konkire, ndi funso loti kodi anthu oyandikana ndi nyumbayo anapezapo chiyani.

Nyumbayo

Kampani ya Sears, Roebuck inamanga chinyumbachi mu 1927, m'masiku 180 okha. Mapulani ake anajambula ndi a Nimmons, Carr and Wright a ku Chicago. Ndi nyumba ya nsanjika 10, yokhala ndi nsanja ya nsanjika 14 imene imaonekera patali. Pansi panali sitolo, koma ntchito yeniyeni inali pamwamba. Nthawi imeneyo Sears inkagulitsa katundu kudzera m'buku lalikulu la zithunzi ndi mitengo. Mlimi wa ku Mississippi kapena ku Arkansas ankasankha nsapato, khasu kapena makina osokera m'bukumo, n'kutumiza kalata ndi ndalama, katundu n'kubwera pa positi. Makalata a madera onse ozungulira ankafikira ku Memphis, ndipo m'chinyumbachi ndi mmene katundu ankasankhidwa ndi kumangidwa. Kwa anthu akuda a kum'mwera kwa America bukuli linali ndi phindu lina limene silinalembedwe: pa positi panalibe wogulitsa wokuuza kuti uyembekeze mzungu athandizidwe kaye.

Kampaniyo inapitiriza kuwonjezera mapiko mpaka m'ma 1960, kufikira malo onse a pansi ndi pamwamba atakwana masikweya mita pafupifupi 140,000. Mukayala nsanjika zonse pansi, ndi munda wa mahekitala 14. Kenako mzinda unayamba kusamuka. Mabanja a ndalama anapita kum'mawa, masitolo anawatsatira. Pafupi ndi Crosstown boma linagwetsa nyumba za anthu pokonza njira ya msewu waukulu wa Interstate 40, koma mu 1971 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera anthu amene ankakana kuti msewuwo udule paki ya Overton, ndipo mbali imeneyo sinamangidwe. Kunatsala mabwinja. Sitolo ya pansi inatsekedwa mu 1983, ndipo mu 1993, chaka chimene Sears inasiya kusindikiza buku lake lalikulu lija, zitseko zonse zinakhomedwa. Nyumbayo inakhala yopanda munthu zaka zoposa 20.

Kuigwetsa kunali kodula, chifukwa ndi konkire yochindikala yomangidwa kuti isenze katundu wolemera. Kuikonza kunkaoneka ngati misala. Mu 2007 Staley Cates, katswiri wa zamalonda wa ku Memphis komweko, anaigula pa madola 3.5 miliyoni, mtengo umene ukusonyeza mmene msika unkaionera. Chaka chotsatira chuma cha America chinagwa.

Lamulo lake

Achimereka amachitcha tax credit, ife pantchito timangoti kirediti. Si ndalama imene boma limakupatsa m'manja, komanso si kuchotsera pa phindu lako usanawerengere msonkho. Msonkho wako ukawerengedwa kale, kirediti imachotsedwa pamenepo, dola kwa dola. Pa nyumba zakale ndi 20 peresenti ya ndalama zovomerezeka zimene wawononga pokonza.

Maziko ake ali m'lamulo la 1966 limene linakhazikitsa kaundula wa malo a mbiri, National Register of Historic Places, patangopita zaka zitatu chiyambire kugwetsedwa kwa siteshoni ya sitima ya Pennsylvania ku New York, chinthu chimene chinakwiyitsa anthu ambiri. Zokopa za msonkho zinayamba mu 1976. Mu 1981 kirediti ya nyumba za mbiri inafika 25 peresenti, ndipo mu 1986 inatsitsidwa n'kukhala 20. Mabungwe atatu amagawana ntchito: ofesi ya chigawo yoteteza zakale imayamba kuona mapepala, National Park Service, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki ndi malo a mbiri, imavomereza kapena kukana, ndipo IRS, yotolera msonkho, imayang'ana za ndalama.

Zofunika zake n'zochepa koma n'zolimba. Nyumba ikhale m'kaundula uja, payokha kapena ngati mbali ya dera lotetezedwa. Ikhale yobweretsa ndalama, monga ya lendi, hotela, sitolo kapena maofesi. Nyumba yokhalamo mwiniwake siilowa. Ndalama zokonzera zipose mtengo wa nyumbayo m'mabuku, osawerengera malo amene yakhalapo, ndipo ziwonongedwe m'miyezi 24, kapena 60 ngati ntchito inakonzedwa kuti ichitike m'zigawo. Ndalama yogulira nyumba siiwerengedwa. Mapiko atsopano, malo oimikapo galimoto, kapinga ndi mipando nazonso ayi. Zimene zimalowa ndi makoma, denga, mawindo, mapaipi, mawaya a magetsi, zikepe, ndi malipiro a ojambula mapulani ndi mainjiniya.

Fomu ili ndi magawo atatu. Loyamba limasonyeza kuti nyumbayo ndi ya mbiri. Lachiwiri limafotokoza, chipinda ndi chipinda, ndi zithunzi, zimene mukufuna kuchita. Lachitatu limatumizidwa ntchito itatha, kusonyeza kuti mwachitadi zimene munanena. Kirediti imabwera pamapeto, nyumba itayamba kugwira ntchito. Ndiye kuti pa nthawi yonse yomanga mumakhala mukudya ngongole.

Chimene chinayamba si msonkho

Apa ndi pamene ndimafuna kuti makasitomala anga amvetsere. Kirediti ya 20 peresenti inalipo chaka chilichonse kuyambira tsiku limene Sears inatseka zitseko. Inalipo mu 1995, inalipo mu 2005. Palibe amene anaikhudza, chifukwa 20 peresenti ya ntchito imene banki yakana kubwereketsa 80 yotsalayo ndi zero. Ndipo banki siibwereketsa nyumba yopanda anthu a lendi.

Amene anamasula mfundo imeneyi sanali anthu a zomangamanga. Todd Richardson anali mphunzitsi wa mbiri ya luso pa yunivesite ya Memphis, ndipo Christopher Miner anali wojambula mafilimu. Mu 2010 anakhazikitsa bungwe la Crosstown Arts, poyamba pofuna kupezera aluso malo. Anayamba ndi zinthu zimene wowerengera ndalama angaziseke: madyerero, ziwonetsero, makonsati m'timasitolo topanda anthu ta mu msewu wa Cleveland. Koma zimenezi zinabweza mapazi a anthu kudera limene anali atalichotsa m'maganizo. Pambuyo pake McLean Wilson, wa m'banja limene linayambitsa mahotela a Holiday Inn, analowa kudzatsogolera nawo mbali ya ndalama.

Anazindikira msanga kuti aluso okha sangadzaze mahekitala 14. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili linali lalikulu. Anayenda khomo ndi khomo kwa mabungwe akuluakulu a mumzindawo, ndipo mu 2012 analengeza gulu la mabungwe amene analonjeza kuchita lendi gawo lalikulu la nyumbayo. M'gulumo munali Church Health, Methodist Le Bonheur Healthcare, chipatala cha ana cha St. Jude pamodzi ndi ALSAC, bungwe lake losonkhanitsa ndalama, komanso Memphis Teacher Residency, yophunzitsa aphunzitsi. Onsewa ndi a zaumoyo, zamaphunziro kapena zaluso. Church Health ndiyo inali nsanamira. Inayambitsidwa mu 1987 ndi Scott Morris, dokotala amenenso ndi m'busa wa Methodist, kuti izithandiza anthu ogwira ntchito koma opanda inshuwalansi ya kuchipatala. Zipatala ndi maofesi ake zinali zomwazikana m'nyumba zambiri, ndipo inavomera kusonkhanitsa zonse pamalo amodzi.

Malonjezo amenewa atalembedwa papepala, m'pamene nkhani ya msonkho inayamba kukhala ndi tanthauzo. Nyumbayo inalowa m'kaundula wa mbiri kumapeto kwa 2013, zaka 20 chitsekedwere.

Mmene ndalama zinasanjidwira

Ntchito yonse inadya madola pafupifupi 200 miliyoni, ochokera m'matumba pafupifupi 30. Ngongole yaikulu, ya madola pafupifupi 80 miliyoni, inatsogoleredwa ndi banki ya SunTrust. Khonsolo ya mzinda inavomera madola 15 miliyoni a misewu, ngalande ndi zina zozungulira nyumbayo. Panali mphatso za anthu ndi mabungwe. Kirediti ya nyumba zakale inabweretsa madola oposa 35 miliyoni kudzera ku Goldman Sachs, banki ya ku New York. Tennessee ilibe kirediti yakeyake ya nyumba zakale, pamene zigawo zambiri za America zili nayo ndipo omanga amaiphatikiza ndi ya boma lalikulu la dziko lonse. A ku Memphis analibe mwayi umenewo.

Wina angafunse kuti banki ya ku New York ikudzatani m'nkhani ya nyumba ya ku Memphis. Yankho n'lakuti kirediti ndi yothandiza kwa munthu amene ali ndi msonkho waukulu woti alipire. Gulu lomanga nyumba imene sinayambe kupanga phindu lilibe msonkho wotero, ndipo mabungwe achifundo salipira n'komwe. Choncho amafunafuna kampani imene ili ndi ngongole yaikulu ya msonkho, nthawi zambiri banki kapena kampani ya inshuwalansi. Kampaniyo imaika ndalama mu ntchitoyo, n'kukhala mwini wake wa gawo lalikulu papepala, ndipo kirediti ikatuluka imapita kwa iyo. Pa dola iliyonse ya kirediti imalipira ndalama yocheperako, pakuti nayonso ikufuna phindu. Kenako maloya, owerengera ndalama ndi anthu ngati ine timatapako. Dola imene boma lasiya kutolera siifika yonse pa njerwa. Ndimanena zimenezi ndikudziwa kuti mchere wa kunyumba kwanga umachokera pompo.

Pali msampha apa. Lamulo sililola kugulitsa kirediti ya boma lalikulu ngati mbuzi pamsika. Woika ndalama ayenera kukhala mnzako weniweni pa bizinesi, wotha kupindula komanso kuluza. Mu 2012 khoti la apilo linagamula mlandu wa Historic Boardwalk Hall, holo yakale ya ku Atlantic City, ndipo linapeza kuti kampani ya Pitney Bowes inatetezedwa kwambiri m'mgwirizano wake moti sinali mnzawo weniweni. Kirediti inakanidwa. Makampani ambiri anabweza manja, ndipo ntchito zambiri m'dziko lonselo zinaima. Msika unatsegukanso IRS itatulutsa malangizo otchedwa Revenue Procedure 2014-12, ofotokoza mgwirizano umene siidzautsutsa. A Crosstown ankasonkhanitsa ndalama zawo m'nyengo yamantha imeneyo. Mapepala anasainidwa kumapeto kwa 2014, ndipo ntchito yokonza nyumbayo inayamba mu February 2015.

Panalinso kirediti yachiwiri, imene anthu ofotokoza nkhaniyi amakonda kuiiwala. New Markets Tax Credit inakhazikitsidwa mu 2000 kuti ikokere ndalama kumadera osauka, kumene anthu 20 kapena kuposerapo mwa 100 alionse ali pa umphawi, kapena kumene mabanja amapeza ndalama zosapitirira 80 peresenti ya zimene mabanja a dera lalikulu lozungulira amapeza. Crosstown inapatsidwa gawo la madola 56 miliyoni. Nambala imeneyi imasocheretsa. Kirediti yake ndi 39 peresenti ya ndalamazo, yogawidwa pa zaka 7, kutanthauza madola pafupifupi 22 miliyoni, ndipo imene imafika pa ntchito ndi yocheperapo. Koma iyi ndiyo kirediti imene imafunsa za anthu. Mabungwe amene amaigawa amapikisana chaka ndi chaka ku Treasury, unduna wa zachuma wa America, ndipo amapambana posonyeza ntchito zimene zalembedwa ndi chithandizo chimene chafika kwa osauka. Kirediti ya nyumba zakale siifunsa zimenezo. Fomu yake imafuna kudziwa za mawindo.

Msampha wina umakhudza mtundu wa anthu a lendi, ndipo pa nyumba yodzaza ndi zipatala ndi sukulu ndi waukulu. Ngati malo opitirira theka achititsidwa lendi ku mabungwe osalipira msonkho pa mgwirizano wa mtundu wokanidwa, monga wopitirira zaka 20 kapena wopatsa bungwelo ufulu wodzagula nyumbayo pa mtengo wokhazikitsidwiratu, ndalama zowonongedwa pa mbali imeneyo siziwerengedwa. Malire amenewa anali 35 peresenti mpaka 2008. Choncho pa ntchito ngati iyi mgwirizano uliwonse wa lendi umadutsa m'manja mwa loya wa zamsonkho. Chodabwitsa n'chakuti lamulo limene limatamandidwa kuti limatukula madera limachita nsanje kwambiri ndi mabungwe amene amathandiza anthu mwachindunji.

Kudula konkire

National Park Service imayeza ntchito ndi mfundo 10 zotchedwa Secretary of the Interior's Standards for Rehabilitation. Mwachidule zimati: sunga chimene chimaipanga nyumbayo kukhala iyoyo, konza m'malo mosintha, ukasintha, chatsopanocho chifanane ndi chakale, usatsuke njerwa ndi njira zoiwononga, monga kupopera mchenga, chowonjezera chizionekera kuti n'chatsopano ndipo chithe kuchotsedwa osavulaza chakale.

Vuto la nyumba yosungiramo katundu n'lakuti inamangidwira mabokosi. Bokosi silifuna dzuwa. Pakati pa nsanjika iliyonse panali patali kwambiri ndi windo, mumdima umene simungaikemo kalasi, chipinda cha dokotala kapena pogona munthu. Ojambula mapulani, a Looney Ricks Kiss a ku Memphis mogwirizana ndi a DIALOG a ku Canada, anaganiza zoboola nyumbayo kuchokera kudenga kutsika, kupanga mabwalo amkati olowetsa kuwala, lalikulu lake lotalika nsanjika 10. Kuchokera pa masikweya mita 140,000 anatsala ndi pafupifupi 100,000.

Kwa munthu wa ntchito yanga, apa ndi pamene mtima umagunda. Kuchotsa pansi pa nsanjika ndi kuchotsa nyumba yakale yeniyeniyo, ndipo oyang'anira akhoza kunena kuti mwaononga khalidwe lake. Akatero, kirediti yonse yapita, osati ya mbali imeneyo yokha, chifukwa ntchito imaweruzidwa yonse pamodzi. Chimene chimathandiza pa nyumba za mafakitale n'chakuti nsanjika zake zimafanana, mizati yomweyomweyo kubwereza, ndiye mukhoza kuchotsako zina ulusi wa nkhani osaduka. Ku Crosstown mizati ya konkire inasiyidwa poyera, nkhope ya njerwa ndi nsanja zinakhala mmene zinalili, ndipo munthu woima m'bwalo lamkati amaona ndi maso kuti ali m'nyumba ya katundu imene yabooledwa, osati mu hotela yomangidwa dzulo. Ngakhale garaja ya magalimoto ya m'ma 1960 inasungidwa.

Ndikafika apa ndimakumbukira kasitomala wanga wina, mwini nyumba ya nsanjika zitatu m'katauni kena. Tinatumiza gawo lachiwiri la fomu, ndipo ndinamuuza kuti asakhudze kalikonse yankho lisanabwere. Kontilakitala wake anali ndi anyamata ongokhala, ndipo Lachisanu lina anazula mawindo onse a matabwa a kutsogolo n'kuwataya. Pofika Lolemba anali ataika a pulasitiki. Mawindo akalewo anali ofunika penti ndi kukonza pang'ono basi. Zithunzi zimene ine ndemwe ndinatumiza zinali umboni woti anali abwino. Anachita kugula mawindo kachiwiri, a matabwa, opangidwa mwapadera, ndipo ndalama imene anawononga inatsala pang'ono kumeza phindu lonse la kirediti. Lamulo limalola kuyamba ntchito usanavomerezedwe, koma ukatero mlandu ndi wako. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kontilakitala wolipidwa pa tsiku sadekha.

Anapindula ndani

Crosstown Concourse inatsegulidwa pa 19 August 2017, patatha zaka 90 chimangidwire. Nsanjika zapamwamba, kuyambira ya 7 mpaka ya 10, muli nyumba zogona 265, ndipo zina mumakhala aphunzitsi amene ali pa maphunziro, aluso, ndi anthu obwera ku St. Jude. M'munsi muli zipatala za Church Health, malo olimbitsira thupi a YMCA, maofesi, malesitilanti, sitolo ya zakudya ndi malo owonetsera zaluso. Mu 2018 sukulu ya sekondale ya Crosstown High inatsegulidwa m'nyumba momwemo. Nyumbayo inalandira satifiketi ya LEED Platinum ya kasamalidwe ka chilengedwe, ndipo mu 2019 inapata mendulo ya golide ya Rudy Bruner Award, mphotho ya ntchito zotukula mizinda.

Phindu loyamba n'losavuta kuliona. Munthu wotsuka mbale mu lesitilanti, wopanda inshuwalansi, akhoza kuonana ndi dokotala, kupimitsa maso ndi kukonzetsa mano pakhomo limodzi. Mabwalo amkati ndi otseguka kwa aliyense. Simufunika kugula khofi kuti mukhale pansi. Mumzinda umene anthu akuda ndi ochuluka koma mbiri yake ndi ya kupatulana, mzinda umene Martin Luther King Jr. anaphedwera mu 1968, malo amene mwana wa sukulu, dokotala ndi wodwala wosauka amakwera chikepe chimodzi si chinthu chaching'ono.

Phindu lachiwiri ndi la ntchito. Kukonza nyumba yakale kumadya manja ambiri kuposa zipangizo: kuchotsa matope akale pakati pa njerwa n'kuikamo atsopano, kukonza konkire yong'ambika, kuyala mawaya m'makoma amene sanamangidwire zimenezo. Ndalama zotere zimatsala m'matumba a amisiri a m'deralo. National Park Service imati kuyambira 1976 nyumba zoposa 45,000 zakonzedwa kudzera mu ndondomekoyi, ndi ndalama za anthu wamba ndi makampani zoposa madola 100 biliyoni. Lipoti la pachaka limene yunivesite ya Rutgers imakonza limasonyeza kuti boma limatolera msonkho wochuluka kuchokera ku ntchitozi kuposa umene limasiya. Ine manambala amenewo ndimawalandira mosamala, chifukwa amawerengera ngati kuti popanda kirediti ndalamazo zikanangogona, pamene zina zikanamanga kwina. Koma pa nyumba ngati iyi, imene inakhala zaka 20 popanda woifuna, mtsutso umenewo ndi wofooka.

Tsopano yerekezani ndi abale ake. Sears inamanga zinyumba zofanana m'mizinda ingapo. Cha ku Atlanta, cha 1926, chinagulidwa ndi kampani ya Jamestown mu 2011 n'kukhala Ponce City Market, nachonso ndi thandizo la kirediti yomweyi. N'chokongola ndipo chimadzaza anthu, koma muli masitolo a mitengo yokwera, maofesi a makampani a zaukadaulo ndi nyumba zogona zodula. Cha ku Minneapolis chinakhala Midtown Exchange mu 2006, ndipo pansi pake pali msika wa timabizinesi ta anthu obwera kuchokera kumayiko ena. Lamulo limodzi, kampani imodzi yomanga poyamba, njerwa zofanana, koma wolowa pakhomo ndi wosiyana. Boma linasiya 20 peresenti yomweyo konse. Kusiyanako kunabwera ndi amene anasaina mapepala a lendi, ndi zolinga za eni ntchito.

Komanso phindu silinafalikire mofanana mbali zonse. Kum'mawa kwa nyumbayo kuli Evergreen, dera la nyumba zakale zosamalika, ndipo eni ake anaona mitengo ya nyumba zawo ikukwera. Kwa mwini nyumba imeneyo ndi nkhani yabwino. Kwa wa lendi ndi chiyambi cha kulongedza. Kumpoto chakumadzulo kuli Klondike ndi Smokey City, madera akale a anthu akuda, kumene mapuloti ambiri ali opanda nyumba. Sukulu ya sekondale ya Northside ya ku Klondike inatsekedwa mu 2016, pamene makireni anali pa ntchito ku Crosstown, mtunda woti munthu n'kuyenda pansi. Walira mvula walira matope: amene akufuna kuti dera litukuke akonzekerenso kukwera kwa lendi, ndipo m'mfundo 10 zija mulibe ngakhale imodzi yonena za zimenezo. Kumene omanga amafuna kuti osauka akhalemo, amaphatikiza kirediti ya nyumba zakale ndi ina ya nyumba za anthu opeza zochepa, imene inakhazikitsidwa mu 1986. Sukulu zakale ndi mafakitale a nsalu ambiri ku America asanduka nyumba zotsika mtengo mwa njira imeneyo.

Nyumba zing'onozing'ono, ndi kusintha kwa 2017

Nkhani ya Crosstown imakopa, koma makasitomala anga ambiri ali ndi sitolo ya nsanjika ziwiri pa msewu waukulu wa katauni. Tiyerekeze kuti wina wagula nyumba yotere, mtengo wake m'mabuku kupatula malo ndi madola 400,000, ndipo awononga madola 1,000,000 ovomerezeka. Kirediti yake ndi madola 200,000. Banki yaikulu siidzuka pampando chifukwa cha ndalama imeneyo, chifukwa loya amalipiritsa pafupifupi chimodzimodzi kaya ntchito ndi yaikulu kaya yaing'ono. Mwiniwakeyo akafuna kuigwiritsa ntchito yekha amakumana ndi malamulo ena ochepetsa kirediti imene munthu payekha angatenge pa bizinesi imene sakuiyendetsa tsiku ndi tsiku. Ambiri amangosiya, n'kuika mawindo a pulasitiki.

Patangotha miyezi inayi Crosstown itatsegulidwa, mu December 2017, Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo a msonkho. Nyumba ya m'munsi inkafuna kuthetseratu kirediti ya nyumba zakale. Inapulumuka ku Senate, nyumba ya pamwamba, mothandizidwa ndi phungu wake Bill Cassidy wa ku Louisiana, koma inatuluka yopunduka. Kale 20 peresenti yonse inkatengedwa chaka chimene nyumba yayamba kugwira ntchito. Tsopano imagawidwa pa zaka 5, moti kasitomala wa m'chitsanzo chija amalandira madola 40,000 pachaka. Woika ndalama amene akuyembekezera zaka zisanu amalipira zochepa pa dola iliyonse, ndipo dzenje limene kirediti inkakwirira limatsala lotseguka pang'ono. Kirediti ina ya 10 peresenti, ya nyumba zomangidwa 1936 isanafike koma zosalembedwa m'kaundula, inathetsedwa.

Chomaliza chimene ndimauza aliyense asanasaine ndi nthawi imene boma limayang'anira. Mukagulitsa nyumbayo kapena kuisintha mosemphana ndi mfundo zija m'chaka choyamba, mumabweza kirediti yonse. Chaka chilichonse chotsatira ngongoleyo imachepa ndi 20 peresenti, ndipo zikatha zaka 5 yatha. Pambuyo pake lamulo la msonkho silimangiriranso mwini nyumba, ndipo kulembedwa m'kaundula wa mbiri pakokha sikuletsa munthu kugwetsa nyumba yake ndi ndalama zake. Nthawi zambiri apa ndi pamene banki ija imatulukira mu mgwirizano, itatenga zake. Kwa Crosstown zaka zisanu zimenezo zinatha cha mu 2022, ndipo zaka 7 za New Markets nazonso zinadutsa. Chimene chikusunga chipatala ndi sukulu m'nyumbamo lero ndi mapepala a lendi amene anayamba kukambidwa mu 2012.